Amayi Amene Anatsika m'Thanki ndi Chingwe Chimodzi

Kwa inu bambo, amuna a malemu, kwa ana anu ndi abale onse, komanso kwa anthu onse amene amadya thukuta la ntchito ya labala,

Bungwe la Akatswiri Opanga ndi Kuyeza Labala lalandira ndi mantha aakulu ndiponso chisoni chosaneneka uthenga wakuti amayi athu, mkulu wa labotale pa fakitale yomata labala m'mathanki, anatisiya Lachiwiri m'mawa pa ngozi imene inachitika ali pa ntchito. Ine wapampando ndalembapo makalata ambiri m'dzina la bungwe lino, koma pa iyi ndakhala pansi ndi kudzukapo kangapo osalemba kanthu, chifukwa amene ndikuwalirawa ndinagwira nawo ntchito, ndinakangana nawo m'misonkhano, ndipo nthawi zambiri olondola ankakhala iwo.

Moyo wawo wonse wa ntchito anaupereka kwa labala wa byutailo, amene amapangidwa polumikiza mankhwala a aisobyutilini ndi pang'ono chabe pa aisopulini m'makina ozizira koopsa. Ubwino wa labala ameneyu ndi wakuti salola mpweya kudutsa, n'chifukwa chake mumamupeza m'machubu a njinga, mkati mwa matayala, m'magolovesi, pa zotsekera mabotolo a mankhwala a jakisoni, ndi m'makoma a mathanki osungira asidi. Malemu ndiwo anakonza njira yosavuta yoyezera kuchuluka kwa aisopulini m'labala, kotero kuti ngakhale labotale yaing'ono imatha kudziwa ngati katundu apsa bwino akamuwotcha kapena adzanyenyeka pambuyo pake. Ndiwo analimbikira kuti chotsekera botolo la mankhwala chizibayidwa ndi singano asanachivomereze, kuopa kuti tizidutswa ta labala tingalowe m'thupi la wodwala. Ambiri mwa oyeza amene ali m'mafakitale lero anadutsa m'manja mwawo, ndipo onse amakumbukira phunziro loyamba: amayi ankaponya pansi timipira tiwiri takuda, kena n'kudumpha, kena n'kungoti phi pomwepo, kenako n'kufunsa kuti, "Ndi maso okha mukanadziwa kuti ka byutailo ndi kati? Ndiye musamakhulupirire maso. Yezani."

Ku fakitale sankawatchula dzina. Ankangoti a Iimekaye, chifukwa katundu akawakayikitsa, ngakhale lole itaima kale pakhomo dalaivala akuliza hutala, yankho lawo linali lomwelo: "Iime kaye." Mabwana ankatukwanira mumtima, koma katundu ankaimadi.

Tsopano ndiyenera kunena za imfa yawo, popeza m'misewu mwayamba kale kumveka nkhani zopotoka, ndipo si bwino kuti ana amve za mayi awo kwa anthu amene sanalipo.

Pa ntchito yathu pali chizolowezi chakale. Guluu amene timamatira labala m'thanki amanunkha kwambiri ndipo amaledzeretsa, choncho amisiri asanalowe amayamba alowetsa mutu pakamwa pa thanki n'kununkhiza. M'thankimo mukamanunkha, salowa. Mukapanda kununkha, amati muli bwino. Akuluakulu anaphunzitsa achinyamata chomwecho, ndipo mmisiri wa mphuno yakuthwa amapatsidwa ulemu. Malemu analimbana ndi chizolowezi chimenechi zaka zambiri. Ankati, "Mphuno si chipangizo, abale anga," ndipo amisiri ankaseka n'kuyankha kuti, "Amayi, mphuno iyi inayamba ntchito inu muli kusukulu."

Thanki ya tsikulo anali ataipopera mpweya wa naitirojeni pofuna kuthamangitsa nthunzi ya guluu, imene imagwira moto msanga. Naitirojeni sanunkha, saoneka, sayabwa m'maso, koma akadzaza malo munthu amakomoka asanazindikire n'komwe kuti akusowa mpweya. Thankiyo inayenera kuuziridwa mpweya wabwino ndi kuyezedwa munthu asanayandikire, ndipo chifukwa chimene zimenezi sizinachitikire chikufufuzidwa ndi oyenera. Mmisiri wamkulu womata labala, bambo wa zaka zambiri pa ntchitoyi, anakwera pamwamba, analowetsa mutu, nanunkhiza monga mwa masiku onse. Sanamve fungo. Anatsika makwerero pang'ono, n'kugwera pansi pa thanki.

Malemu anali akubwera kudzayeza ngati labala wamatika bwino pamene anamva kukuwa. Anapeza amisiri awiri pamwamba, mmodzi mwendo uli kale pa makwerero. Anamugwira malaya n'kumukokera kunja. Zida zopumira zinali mbali ina ya fakitale, ndipo wina anali atathamangira kale kukazitenga, koma amayi ankadziwa kuposa wina aliyense pamalopo kuti munthu wagona pansiyo sangadikire. Panali chingwe chimodzi chotsitsira zida. Anavula chovala chawo choyera, nagwira nsonga ya chingwecho, n'kuwauza awiriwo kuti, "Ndikagwedeza, kokani. Ndipo wina asanditsatire, mwamva? Ngakhale muone chiyani." Anakoka mpweya, natsika.

Chingwe chinagwedezeka, anakoka, mmisiri anatuluka ali womangidwa bwino m'khwapa. Anaponyanso chingwecho mkati, naitana, koma panalibenso wochigwira. Amuna awiriwo anaima pakamwa pa thanki akulira ngati ana, koma anamvera, sanatsike, ndipo n'chifukwa chake lero tikulira maliro amodzi osati atatu. Pamene zida zopumira zinkafika, zonse zinali zitatha.

Amene akunena kuti malemu anachita mosasamala kapena mosadziwa akunama, ndipo bungwe lino likuwapempha kuti atseke pakamwa. Ankadziwa chimene chinali m'thankimo. Kwa mamembala athu onse ndikunenanso izi mosapsatira: sitikuphunzitsa aliyense kuti azitsika monga anatsikira iwo. Kuyambira lero, pamalo alionse pamene pali membala wa bungwe lino, thanki isayandikiridwe isanayezedwe ndi chipangizo, zida zopumira zikhale pafupi ndi pakamwa pake, ndipo chizolowezi chonunkhiza chithe. Malemu anatiuza ali moyo, ife tinkaseka.

Bambo, ndinafika kwanu Lachitatu kudzasiya chovala chawo choyera chija ndi magalasi awo. Tinakhala m'chipinda chochezera, mipando itatulutsidwa, inu mutagwira chovalacho. Nditanyamuka munandiperekeza mpaka pachipata, ndipo munandiuza kuti, "A wapampando, nonse mubwere. Koma munthu uja asaponde pakhomo pano. Ana anga asamuone." Mkwiyo wanu ndi womveka, ndipo palibe mwa ife amene angakuphunzitseni mmene mungalirire akazi anu.

Nditachoka kwanu ndinapita kwa mmisiriyo. Anali atatuluka m'chipatala, thupi lili bwino. Ndinamupeza atakhala pansi kuseri kwa nyumba, atatsamira khoma, m'khwapa muli zipsera za chingwe. Chitulukireni sanadye. Akazi ake ananditengera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Bambo, sindikumusiya yekha ngakhale pang'ono. Zingwe zoyanikira zovala ndamasula zonse." Iye mwini sanandiyang'ane kumaso. Anangoti, "Bwenzi atangondisiya momwemo, bwana. Ine ndakalamba, iwo ana akadali pasukulu." Kenako anafunsa ngati angaloledwe kudzagwirako bokosi, ngakhale kumapazi, ngakhale kamtunda kakang'ono.

Zimenezi ndazilemba atandilola akazi ake, ndipo ndazilemba ndi mantha. Mmisiriyu analakwa, inde, koma analakwa pochita chimene ntchito yonse inamuphunzitsa ndi kumuyamikira nacho. Akazi anu sanaime pakamwa pa thanki kufunsa ngati wagwayo ndi wolakwa. Anatsika kuti munthuyu akhale ndi moyo, ndipo ndi ntchito yomaliza imene anaigwira ndi manja awo. Mantha anga ndi akuti ntchito imeneyo ikhoza kuwonongeka maliro asanathe n'komwe, ndipo pakali pano palibe dokotala, mbusa kapena wapampando amene mawu ake angamufike munthuyu monga angamufikire anu.

Sitikukukakamizani. Pakhomopo ndi panu, ndipo chimene munganene tidzachilemekeza.

M'malo mwa komiti ndi mamembala onse a bungwe lino, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu bambo, kwa ana, kwa makolo ndi abale a mbali zonse ziwiri. Mulungu akugwireni dzanja m'masiku owawa ano, akupatseni mphamvu zoimirira pamene anthu adzabalalika n'kukusiyani nokha m'nyumba, ndipo alandire mzimu wa amayi athu mu mtendere.

Pa tsiku loika maliro mamembala athu adzabwera mwaunyinji. Mukadzapanda kundiona pakati pawo, musadzaganize kuti bungwe lanyoza maliro. Ndidzakhala kunja kwa chipata chanu, nditamugwira mkono munthu amene akazi anu anamutulutsa m'thanki, ndipo tidzaima pomwepo kufikira mutatuma munthu kudzatiuza kuti tilowe kapena tibwerere.

Ine wanu m'chisoni,
Wapampando,
Bungwe la Akatswiri Opanga ndi Kuyeza Labala