Paipi Yopanda Nkhata

Lolemba, 16 Febuluwale 1959

Mvula kuyambira mamawa. Nsapato zonyowa kuchokera ku Soche mpaka ku Limbe. Pagalaja pabwera pikapu ya dizilo ya kampani yokonza misewu. Mapaipi ake amafuta ndi amkuwa, atha, akudontha pawiri. Atsopano achitsulo afika pa sitima, olimba bwino. Ntchito apatsa ine.

Koma pakhadi la ntchito, pamzere wa wokonza, padzalembedwa dzina la Chipewa, kapitawo wachizungu uja anatibweretsera kuchokera ku Salisbury. Dzinali tinamupatsa ife, poti savula chipewa ngakhale mu ofesi. Zaka khumi ndi chimodzi ndikugwira sipanala, dzina langa silinalowepo pakhadi. M'mabuku mwawo ndine sipanala boyi. Boyi wa ana anayi! Kalata yoti ndikayesedwe umakaniko akuti ndidikirebe. Chitaganya chawochi chinatibweretsera mabwana, basi.

Lachiwiri, 17 Febuluwale

Mapaipi akale ndachotsa. Dizilo mpaka m'khwapa, mkazi wanga Hilda akuti ndigone pakhonde.

Paipi yochokera kuthanki ndaiyendetsa m'mbali mwa chasisi, chimango cha galimoto. Pachomangira chilichonse kachidutswa ka chubu, kuti chitsulo chisadye chinzake. Pofika pa injini ndaipinda kawiri mozungulira, ngati nkhata. Injini imavina, chasisi sichivina nayo. Popanda nkhata, pamisewu yathu yamabampuyi, paipi imathyoka pakhosi. Anandiphunzitsa a Abdala, mkulu wathu pagalaja, amene ankakonza malole pankhondo ku Burma. Ntchito yatuluka bwino. Ndinaima kuiyang'ana kanthawi.

Lachitatu, 18 Febuluwale

Chipewa waiona nkhata. Waigogoda ndi kaliwo wake ngati waona njoka. Akuti ndi ntchito yakumudzi, kuwononga paipi. Kwawo amaika yowongoka ngati rula. Ndinayesa kumufotokozera za misewu, sanandilole kumaliza.

"Iwe manja, ine mutu." Pamaso pa anthu onse, ndi Chinyanja chake chothyokathyokacho.

Makutu ananditentha. Munthu woti sanayendepo msewu wa ku Thyolo nthawi ya dzinja. Munthu woti pansi pa galimoto amasuzumirapo atagwira mawondo, kuopa kuda kabudula. Pankhomaliro a Abdala anangoti, "Msiye mwanawe, mutu ukakula sulewa nkhonya." Chinangwa changa sindinathe kudya.

Lachinayi, 19 Febuluwale

Ndadula nkhata ndi manja angawa. Ndaika yowongoka. Ndatulutsa mpweya m'mapaipi, injini yalira kamodzi kokha. Chipewa wathamanga kukaitana mwini galaja kuti adzaone ntchito yake. Yake! Khadi wasaina ndi dzina lalikulu lodzaza mzere wonse, walipachika pamsomali.

Nkhata ndabwera nayo kunyumba, ili pansi pa bedi. Hilda akuti, "Bambo a Paston, zinyalala za kuntchito mwayamba kusunga?" Chifukwa chake inenso sindikuchidziwa.

Lachitatu, 4 Malichi

Tauni yasokonekera. Kuyambira dzulo anthu a Kongeresi akungotengedwa. Asilikali ochokera ku Rhodesia pamphambano iliyonse. Ku Kanjedza azunguliza waya, akuti ndiko akuwasunga. Mphunzitsi wa Paston naye wapita. Galimoto za makampani boma labwereka, pikapu ija ili m'manja mwa apolisi. Pagalaja palibe woseka.

Loweruka, 7 Malichi

Pikapu yabwera chokokedwa. Inafera panjira ya ku Thyolo, apolisi asanu ali m'menemo, anthu akuwagenda. Anapulumukira m'munda wa tiyi. Nditatsegula boneti sindinafunefune. Paipi yathyoka pakhosi penipeni, pomwe ndinanena paja.

Ndimayesa ndikondwa. Ayi ndithu. Wapolisi wachizungu amene anabwera nayo akuti wina anachita dala, pagalaja pano pali wa Kongeresi. Akufuna dzina la amene anaika paipiyo. Abweranso Lachiwiri kudzaona khadi. Ankalankhula akuyang'ana manja athu, mmodzimmodzi. Chipewa nkhope gwa, kaliwo atazima.

Poweruka ndinaona msomali uli wokha. Khadi palibe. A Abdala anakonza chisoti chawo pamutu, nandiyang'ana.

Lamulungu, 8 Malichi

Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Hilda akuti ndithawire kwa malume ku Mulanje, ndiwolokere kwa Apwitikizi. Ndithawe chiyani? Ndinanena, anandinyoza, ndinamvera. Tsopano wolakwa ndikhale ine? Mantha ndili nawo, sindikana. Koma mkwiyo ukuposa.

Lolemba, 9 Malichi

Chipewa wandiitanira mu ofesi. Koyamba. Wandipatsa mpando. Wavula chipewa, kumutu kuli dazi, sitinkadziwa. Akuti khadi lakale lasowa, tilembe lina. Patebulo khadi latsopano, tsiku la 19 Febuluwale, mzere wa wokonza uli mbee. Pambali pake kalata yanga ya mayeso, yosainidwa kale.

"Bambo Vitalis, inu makaniko weniweni. Lembani dzina apa." Lero ndine bambo, lero ndine inu.

Cholembera ndinachigwira, ndisaname. Mzere umenewo ndaulota zaka khumi ndi chimodzi. Ndinaganiza za Paston akuuza anzake kuti bambo ake ndi makaniko wa pepala. Kenaka ndinaganiza za waya wa ku Kanjedza. Ndinachibweza patebulo.

Ndinati, "Pepani bwana, ine manja basi. Zolemba ndi za mutu."

Anafiira mpaka m'khosi. Kalata waing'amba ndili pomwepo, zidutswa zinayi. Akuti mawa akawauza apolisi kuti ndine, ndipo mawu a mzungu ndi a boyi salemera chimodzimodzi. Mwina akunena zoona.

A Abdala akuti mawa afika msanga, ndipo chisoti chawo akachivulira pamaso pa wapolisiyo, poti khadi lakale lija analibisa m'menemo. Nkhata ndaitulutsa pansi pa bedi, ndaipukuta, ili m'thumba la jekete. Akaone chimene ndinaika ine, ndi chimene anandidulitsa.

Hilda wasita malaya awiri, akuti ndivale onse, poti sitidziwa kumene ndikagone mawa. Ndivala amodzi.