Nkhani ya Petulo wa Lole ndi Kuimitsidwa kwa a Ackim Longwe

Komiti ya Bungwe la Ogulitsa Nthochi la Tigwirane Manja, Zolozolo, Mzuzu

Tsiku: Loweruka, 13 Julayi 1991
Malo: Kunyumba kwa Msungichuma, ku Zolozolo

Opezeka: Bambo Cosmas Matemba (Wapampando), Mayi Peggy Manda (Msungichuma), Bambo Gideon Kamanga, Mayi Alefa Chikopa (Mlembi)
Opepesa: Bambo Paison Likoswe, ali kumaliro ku Thyolo
Osapezeka: Bambo Tobias Nkhata, monga mwa masiku onse

1. Kutsegula

Mayi Manda anatsegula ndi pemphero.

2. Za dalaivala

2.1 Wapampando anakumbutsa komiti kuti lole yathu yaing'ono, imene tinagula kwa mphunzitsi wa ku America, ikumwa petulo mowirikiza pa ulendo wa ku Nkhata Bay. Anati ndi chifukwa chake analanda makiyi kwa dalaivala, a Ackim Longwe, n'kulengeza pamsika kuti akupopa petulo. Anapempha kuti achotsedwe ntchito lero.

2.2 Bambo Kamanga, amene anagwirapo ntchito m'galaja ku Harare, anafunsa ngati injini inayezedwa. Wapampando anati mlamu wawo, wokonza mawailesi, anayeza zonse mwaulere, ngakhale sensa ya pa paipi ya utsi. Anati mita inaonetsa 0.2 volti osagwedera mpang'ono pomwe, ndipo chinthu chokhazikika chotero sichingakhale chodwala.

2.3 Bambo Kamanga anaseka. Atadzudzulidwa anapepesa, koma sanasiye kuseka msanga.

2.4 Iwo anafotokoza kuti sensayo si batire la wailesi. Ntchito yake ndi kununkhiza utsi n'kuuza injini ngati petulo wachuluka kapena wachepa. Injini ikatentha, nambala iyenera kuvinavina pakati pa 0.1 ndi 0.9. Ikakwera ndiye kuti petulo wachuluka, ikatsika wachepa. Ikangoima pansi, injini imakhulupirira kuti ili ndi njala ndipo imangothira petulo osaleka. Anaonjeza kuti petulo wathu ali ndi mtovu, umene umapha masensa a galimoto zakunja.

2.5 Wapampando anati zimenezo ndi za ku Harare. Mayi Manda anati lole ili panja pomwepa, bwanji tikaone ndi maso, poti kumva si kuona.

3. Kuyeza

3.1 Komiti inatuluka. Bambo Kamanga analiza injini mpaka inatentha, nalumikiza mita yawo. Inaonetsa 0.2. Anaponda mafuta, 0.2. Anatseka polowera mpweya ndi chipewa chawo mpaka injini inatsamwa, ndipo anati apa sensa yamoyo ikanakwera kufika 0.9. Inakhalabe pa 0.2.

3.2 Utsi unali wakuda bii, wonunkha petulo wosapsa. Mlembi, amene anaima kumbuyo kwa lole, akuchitira umboni ndi bulauzi yake.

3.3 Bambo Kamanga anati, "Petulo wanu ndi ameneyo, a Wapampando. Akuthawira ku ekizozi, osati m'chigubu cha a Longwe."

3.4 Anagwirizana kuti sensa yafa, ndipo Bambo Kamanga afufuze ina ku Lilongwe.

4. Chigamulo

4.1 A Longwe, amene anadikira pakhonde kuyambira m'mawa m'chisanu chija, anaitanidwa. Wapampando anawauza kuti komiti yawachitira chifundo, ayambe ntchito Lolemba. Anawakankhira makiyi patebulo.

4.2 Mayi Manda anati mawu oti chifundo asalembedwe, chifukwa munthu wosalakwa sachitiridwa chifundo. Wapampando anati alembedwe. Mlembi walemba zonse ziwiri.

4.3 A Longwe anati, "Yewo chomene, adada," koma makiyi sanawakhudze. Anati ana awo akunenedwa ana a mbava kusukulu, ndipo akazi awo asiya kupita kumsika chifukwa cha manyazi. Anati dzina lawo silinadetsedwe m'chipinda muno. Linadetsedwa pamsika, Wapampando ataimirira pa kireti, ndipo makiyi adzawalandirira pomwepo, anthu akuona.

4.4 Wapampando anati kupepesa sikuli pa mndandanda wa zokambirana. Anati mtsogoleri akamabweza mawu pagulu, mawa palibe womumvera. Mayi Manda anati kireti ija ilipobe, ndipo adzainyamula okha.

4.5 Anavota. Atatu anavomereza pempho la a Longwe, mmodzi anakana. Wokanayo safunika kumutchula.

5. Zina ndi zina

5.1 Mamembala anakumbutsidwa kuyenda ndi makadi a chipani polowa mumsika.

5.2 Mayi Manda anafunsa kuti nthochi zimene zikupsa ku Nkhata Bay akatenga ndani ngati Lolemba lipita chabe.

6. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka, 10 Ogasiti. Bambo Kamanga anatseka ndi pemphero nthawi ya 1 koloko masana.

Wapampando: ....................
(Sanasaine. Anati aiwala magalasi, ngakhale 0.2 uja anamuwerenga bwinobwino.)

Mlembi: Alefa Chikopa (Mayi)
Makiyi ali ndi ine, ndipo Lolemba ndidzakhala nawo pamsika, pafupi ndi kireti.