Tsamba Lachinayi

Lolemba, 6 Okutobala

Mtundu wonse udziwe, ndipo mbendera zikwezedwe: lero m'ma 10 koloko m'mawa, ine mwini wake ndagula sitampa. Ndaima pamzere ku positi ofesi, ndanyambita kapepalako ndi lilime lomwe lino limene linateteza digiri yachiwiri pamaso pa mapulofesa atatu. Mayi wa pakauntala wandiyang'ana ngati ndabwera kudzagula ngolo.

Chifukwa chake ndi Wotsutsa. Mwana wanga mmodzi yekhayo, wa zaka khumi ndi zitatu, amene chiyambire kulankhula sanavomerepo chilichonse chotuluka pakamwa panga, watha milungu isanu tsopano ku sekondale ya masisitere, yogonera konko. Foni n'zoletsedwa. Makolo tizilemba makalata, ndipo kalata iliyonse a Sisitere aakulu amayamba aiwerenga asanaipereke kwa mwana. Ine amene Loweruka lililonse ndimaseka akuluakulu m'nyuzipepala popanda wondigwira dzanja, tsopano ndili ndi mkonzi wovala velo.

Ya leroyi ndi yachinayi. Masamba atatu, nkhani ya belu la pasukulupo, limene malinga ndi buku la malamulo limalira kakhumi n'kasanu n'kawiri patsiku. Ndafunsa ngati pali belu lina lokumbutsa anthu kumvera belu.

Boma, ndiye kuti mayi ake, lawerenga litavala kale yunifolomu ya kuchipatala. "Mukulembera mwana kapena owerenga anu?" Ilo lalemba mizere isanu basi. Ndinasuzumira: sopo, juzi, uzipemphera, ndakusowa mwanawe. Ulesi weniweni.

Lachinayi, 9 Okutobala

Yankho la kalata yachitatu lafika. Akuti amadzuka kusanache kupita ku Misa, mnzake wa bedi lapamwamba amalankhula kutulo, ndipo waphunzira kusita kolala popanda kuipsereza. Akuti makalata anga amawerengedwa mokweza mu hositelo, a Fomu 4 amabwera kudzamvera, ndipo chifukwa cha ine palibe womutuma kuchapa masokosi. Ndiye kuti nthabwala zili ndi ntchito ndithu. Ndaonetsa Boma ndimeyi kawiri.

Pansi penipeni walemba: "Adadi, kalata yanu inali ya masamba angati?" Atatu, mwanawe, ndipo lililonse ndi golide. Akufuna ndiwonjezere, n'zachidziwikire.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndathira tiyi m'makapu atatu. Ndamwa awiri msangamsanga kuti Boma lisaone.

Lamlungu, 12 Okutobala

Gulu la makolo la pafoni silipuma. Mauthenga makumi asanu ndi atatu chichokere kutchalitchi, onse pa funso limodzi: kodi bulangete lamizeremizere ndi lololedwa? Mayi wina amafunsa m'mawa uliwonse ngati mwana wake wadya, ngati kuti ife tili naye. Bambo wina, loya, watumiza chithunzi cha bedi la mwana wake, loyalidwa bwino, popanda mawu. Anthu akuluakulu, a maudindo awo. Ndinafuna kulembapo kanthu kowaseka, koma sikanabwere.

Lolemba, 13 Okutobala

Foni kuchokera kusukulu. "A Sisitere aakulu akufuna kuonana nanu Lachitatu. Inuyo bambo, osati mayi."

Zatheka! Zaka khumi n'zisanu ndikutokosola anthu a mipando, palibe anandiitanapo ngakhale kudzangondiopseza. Wondiwerenga mozama wapezeka, ndipo ndi sisitere. Ndalemba mfundo zisanu n'imodzi za ufulu wolankhula, ndasita malaya oyera.

Boma: "Mukakachotsetsa mwana sukulu ndi pakamwa panupo, muzikagona ku nyuzipepala komweko."

Lachitatu, 15 Okutobala

Maola awiri pamsewu. Chipinda cha alendo chimanunkhira polishi ndi makandulo. Benchi lolimba, chifanizo cha Maria pakona, ndi wotchi yapakhoma imene imamveka ngati ikukuwerengera machimo.

A Sisitere aakulu ndi kamunthu kochepa, magalasi pachingwe. Makalata anga onse anayi anali patebulo pawo.

"Bambo, ya belu ija a Fada anaseka mpaka kutsamwa. Koma limalira kakhumi n'kasanu n'kanayi. Buku muli nalolo ndi lakale."

Mfundo zanga zija zinayamba kuchita manyazi m'thumba.

Kenako nkhani yeniyeni. Lachisanu lapitali Wotsutsa analowa mu ofesi mwawo osagogoda, pamaso pa metironi ndi aphunzitsi awiri, n'kuwauza kuti amaba masamba a makalata ake. Lamulo la pamenepo: wonyoza mphunzitsi apepese mlungu usanathe, apo ayi apite kwawo milungu iwiri, ndipo zimalowa mu faelo yake. Mlunguwo ukutha mkuja. Mwana wakanitsitsa kupepesa.

"Akuti makalata a anzake onse amathera pa 'takusowa'. A mayi ake nawonso. Ndiye akuti, 'Adadi anga sangalembe masamba atatu osanena kuti andisowa. Pamakhala tsamba lachinayi, mumachotsa ndinu chifukwa amakusekani.'" Anavula magalasi. "Ndinachotsa, bambo?"

"Simunachotse, Sisitere."

"Ndiye mukamuuze ndinu. Ine ndikanena akuti ndikunama, ndipo pa msinkhu wanga uno sindikufuna kuzolowera dzina limenelo."

Ndinamupeza kuseri kwa tchalitchi akuzula udzu m'maluwa, chilango chake. Tsitsi lometa, makutu ali poyera, anga enieni. Sanandithamangire. Kumeneko sathamanga, lamulo nambala 12.

"Adadi, mwawauza?"

"Ndawauza kuti belu lawo lija..."

"Linalipo eti? Tsamba lija."

Ndikanangoti inde, akanandikumbatira pomwepo, a Sisitere n'kukhala mbala mpaka kalekale. Kunena kuti ayi, ndinalephera. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Iwe, dzanja limatopatu, ukudziwa zaka zanga?"

Sanatsutse. Koyamba chibadwire, sanatsutse. Belu linalira, anasasa dothi m'manja, n'kunena kuti, "Muyende bwino," ngati akutsanzika mlendo wa mayi ake.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ndafotokozera Boma zonse. Silinakalipe, ndipo zimenezo n'zoopsa kuposa kukalipa. Langondiikira pepala ndi cholembera patebulo lodyera. Lili pakhomo linatembenuka: "Ndi liwu limodzi lokha, bambo ake. Odwala anga amalinena ali ndi chubu m'mphuno."

Ndayamba kasanu n'kawiri. Yoyamba inasanduka chikalata cholengeza kusowa kwa nzika. Mu yachitatu munalowa a Fada. Dzanja langali likangoyandikira liwulo limakhota lokha, ngati woyendetsa galimoto akuzemba dzenje.

Bambo anga analinso choncho. Tsiku londiperekeza ku yunivesite anandiuza kuti ndisataye ambulera, n'kukwera basi osacheuka. Ambulera imeneyo ndinaisunga zaka zisanu n'zinayi, ndipo ndinkadziwa chimene inkanena. Koma Wotsutsa si wosunga maambulera. Iye amafuna zolembedwa, zosainidwa.

Mkonzi wa kuntchito waimba kufunsa nkhani ya Loweruka. Ndati sindili bwino. Waseka, akuyesa ndi mutu wa nkhaniyo.

Lachisanu, 17 Okutobala

Tsamba limodzi, mizere isanu n'umodzi. Ndapita nalo ndekha n'kulipereka kwa a Sisitere monga mwa lamulo. Awerenga, sanaseke. "Iyi a Fada sindiwaonetsa," anatero, n'kutuma kuti akaitane Wotsutsa.

Mwanayo anawerengera pakhonde, ali chiimire. Ndinalemba kuti tsamba lachinayi kunalibe, a Sisitere sanabe kanthu, wolakwa ndine. Kuti ndamusowa tsiku lililonse chichokereni, makamaka 4 koloko, nthawi imene ankaponya chikwama pakhomo n'kuyamba kunditsutsa asanavule n'komwe nsapato.

Anabwereza kawiri.

"Mulibe choseketsa umu."

"Mulibe."

"A Fomu 4 akhumudwatu."

"Iyi si yawo."

Anaipinda kanayi n'kuilowetsa mu sokosi, poti siketi za kumeneko zilibe matumba. Kenako anagogoda pa ofesi, katatu, mwaulemu wonse, ndipo ndinamumva bwinobwino: "Pepani Sisitere, ndinakunamizirani. Wolakwa wapezeka, ali panjapa."

Kukumbatirana kwake kunali kwa changu, nthawi ya masamu inali itakwana. Akupita m'kalasi, mtsikana wina wamtali anamunong'oneza kanthu, iye n'kuseka. Kuseka kwina, koponya mutu kumbuyo, dzanja paphewa la mnzakeyo. Kunyumba sindinakumvepo. Wakutengera kwa munthu amene ine sindikumudziwa.

Sukuluyi ndi yabwino. Tinaisankha tokha, ndipo nditati ndisankhenso ndingasankhe yomweyi. Ndikulemba izi pachiwongolero, pansi pa mtengo kunja kwa geti. Zaka zinayi. Azibwera patchuthi atasintha pang'ono, kenako pang'ono pena, ine n'kumangolandira zotsatira, osaona tsiku limene zinachitika.

Mlonda wabwera kawiri kudzafunsa ngati galimoto yafa. Ndamuuza kuti ayi, ndiiliza posachedwapa.