Njuchi za ku Michesi

Okondedwa achemwali Aliness,

Ndikhulupirira muli bwino kutali komwe muliko. Kuno ku Michesi tadzuka, chinangwanso chachita bwino.

Munandiuza pafoni kuti bungwe lanu la madokotala likulemba malangizo othandizira anthu amene thupi lawo limadana ndi zinthu zina. Munati mumawerenga kafukufuku, mumatsutsana, kenako mumafunsa odwala eniake musanagwirizane. Ndiye ndati nanenso ndiyankhulepo.

Alamu anu a Sitima, amuna angawa, analumidwa ndi njuchi akutola nkhuni kuphiri. Anatupa nkhope yonse, mpweya n'kumabanika. Tinawakweza panjinga, ine ndikuthamanga pambali nditawagwira kumsana. Kuchipatala atawabaya jakisoni anatsitsimuka, koma adokotala anandikokera pambali. "Mayi, zikadzachitikanso musadzachedwe, chifukwa kachiwiri..." Zotsalazo dzanja likukana kulemba.

Chonde mukakhala pansi ndi anzanuwo, muwauze kuti kuno njira ndi yaitali. Mulembe kuti jakisoniyo azipezeka pafupi, ngakhale m'zipatala zing'onozing'ono.

Eniakewo akungoseka, akuti nkhuni sizibwera zokha pakhomo. Dzulo anakweranso phiri. Mango ayamba maluwa, achemwali, ndipo njuchi zachuluka.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Belita