Chiuli m'Dimba la Kabichi

Mongue,
Pa 18 Agosto, 2024

Okondedwa achimwene Américo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Beira kuko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tili bwino, kupatula mwendo wa Amayi umene umawavuta kukazizira. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa netiweki imagwira pansi pa mtengo wa mango pokha, ndipo pamenepo mpamene Ababa amaswera. Nkhani iyi si yokamba iwo akumva.

Mukukumbukira kuti nditabwera ndi dipuloma yanga ya zaulimi kuchokera ku Mocuba, Ababa anandipatsa dimba lakumtsinje monyinyirika. Anati, "Lima kabichi wakoyo tione. Ukalephera upita kukagulitsa m'sitolo mwa amalume ako Zacarias ku Milange, nkhani ithere pompo." Achimwene, ine sindinaphunzire zaka zonse zija kuti ndizikamanga shuga m'timapepala. Ndikufuna anthu a kuno aone ndi maso awo kuti dimba lingathe kudyetsa banja chaka chonse, ndipo ndikufuna aone ine ndisanamere imvi.

Ndinakonza mabedi, ndinathira manyowa, ndinaokera mbande. Kabichi anagwira bwino moti opita kumsika ankatsika panjinga kudzasuzumira. Kenaka m'mawa wina ndinapeza maenje ponseponse, mbande zili gada, mizu kumwamba, koma masamba osadyedwa ngakhale limodzi. M'matope munali mapazi a zikhadabo zazitali. Ababa atawerama anangoti, "Chiuli ichi," n'kubwerera m'mbuyo atapana miyendo. Mukudziwa zimene amuna akuno amanena za malo omwe chiuli chimathamangira kuluma. Choncho zoti wina alondere dimba sizinakambidwe n'komwe.

Ine ndinatenga khasu n'kufukula pafupi ndi maenjewo. Ndinapeza mphutsi zoyera, zonenepa ngati chala, zija zimaswana m'manyowa. Chiuli sichinkafuna kabichi wanga ayi. Kabichi ankangofera kukhala pamwamba pa ndiwo yake.

Chitabweranso kachiwiri, Ababa anabwera kuchokera kumsika ndi kapepala ka chiphe. Anati aika m'nkhuku yakufa n'kuisiya pakati pa dimba. Ndinagwada monga mwa mwambo, koma mawu anga sanagwade.

"Ababa, kupha nyama yakutchire ndi chiphe ndi mlandu. Afisikali oyang'anira nyama akamva, pali muluta, chindapusa chachikulu, mwinanso ndende."

"Lamulolo limadya kabichi?"

"Silidya. Koma dimba ndi langa, dzina lolembedwa likhala langa. Ndani adzakhulupirire tekinika wa zaulimi wothira chiphe m'mbali mwa mtsinje womwe anthu amamwa? Nanga agalu a eni ake akadya nkhukuyo?"

"Ndiye uchipemphe chichoke, poti unaphunzira chilankhulo chake. Chikabweranso, ine nkhuku ndiika, iwe ukwera njinga ya ku Milange."

Ndinawoloka malire kupita ku Muloza kukagula waya wa khola la nkhuku. Chiuli chikapeza mpanda chimakumba patsinde pake penipeni, ndiye ndinakumba ngalande yofika m'mawondo, ndinatsitsamo waya n'kumupinda kuti agone pansi cholozera kunja, kenaka ndinakwirira. Odutsa ankaseka kuti mwana wa a Armindo akuika maliro a waya. Ndinawasiya aseke. Vuto linali lakuti wayayo anakwana mbali zitatu zokha. Mbali yakumtsinje inatsala pululu.

Apa mundikhululukire, ndilemba zomwe mlongo sayenera kulembera mlongo wake. Kusukulu mphunzitsi wina anatiuza kuti alimi ena amathamangitsa nyama zotere ndi fungo la mkodzo wa mwamuna wamkulu, wothiridwa m'malire kawirikawiri. Nyamayo imaona ngati malowo ali ndi mwini wake woopsa. Ndipo pakhomo pathu, chichokereni inu, mwamuna wamkulu ndi mmodzi yekha.

Ndinayamba ndi Amayi. Anatseka pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. "Mwana iwe, zaka zonsezi sindinawatchulepo n'dzina lomwe bambo akowo, lero ndikawauze zimenezo? Pita nazo kutali."

Ndinapita nazodi kutali, kwa mayi Fátima, msuweni wa Ababa, aja amakazinga mandasi pamphambano. Ndinaganiza kuti pa chisuweni palibe mawu oletsedwa. Ndinawapempha kuti akawanong'oneze Ababa pambali. Anandilonjeza akupukuta misozi ya kuseka.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, amuna ataima m'gulu lawo, mayi Fátima anakuwa ali patali.

"Armindo, mwamuna wanga wosandikwatira, ima pomwepo. Ndamva kuti kanyama kakafupi ngati mtondo kakugonjetsa. Mwana wako akuti mankhwala ake uli nawo m'thupi, koma umangowataya kuseri kwa nthochi. Kapena chitsime chinaphwa? Unene, tikabwereke kwa akatekisi."

Gulu lonse linafa nalo phwete, akatekisi omwe. Ababa anavula chipewa n'kuchivalanso.

"Fátima, waya uja anafunika pakamwa pakopo."

"Bweretsa, koma uyambe wathirira malire."

Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ababa sanandiyang'ane. Kunyumba anakhala masiku osandilankhula, madzi osamba ankapempha kudzera kwa Amayi ine ndili pomwepo. Sindikubisirani, ndinachapa zovala zanga zonse n'kuzipinda, kudikira kuti andiuze tsiku lopita kusitolo.

Ndiye m'mamawa wina ndikupita kukathirira, tinakumana pa kanjira kopapatiza kaja ka m'bango. Ankachokera kumtsinje, kachigubu atakabisa m'jekete, koma chivindikiro chikuonekera.

"Wadzuka?"

"Ndadzuka, Ababa, kaya inu."

"Ndimakaona ngati madzi atsika mumtsinje."

"Atsika?"

"Atsika."

Ndinapatuka, iwo anadutsa. Chiyambire pamenepo madzi a mumtsinje amakawaona tsiku ndi tsiku. Ndipo si okha. Azibambo a kutchalitchi aja, ataseka n'kutopa, anayamba kudzera kudimba kwanga popita kuminda yawo, aliyense akuti wake ndiye waukali. Ine ndimangoyang'ana kumbali ya kuphiri mpaka adutse.

Chiuli chinabweranso, mapazi ake ndinawaona. Chinakumba patsinde pa mpanda, chinakumana ndi waya wogona uja, chinayesa pena, chimodzimodzi. Chinatsata mpanda mpaka kumtsinje, ndipo pamenepo mapazi anatembenuka kulowera kuthengo. Kaya ndi fungolo, kaya ndi kuchuluka kwa anthu oponda pamenepo, sindingalumbire. Chimene ndikudziwa n'chakuti chili moyo kwinakwake, palibe galu wafa, ndipo kabichi wanga wamanga mitu yoti mwana sanganyamule ndi dzanja limodzi. Anthu atatu andipempha kale kuti ndikawaonetse kakwiriridwe ka waya. Chaka chamawa ndikufuna madimba onse a m'mbali mwa mtsinje uno tilime pamodzi, tizitumiza galimoto yodzaza mpaka ku Mocuba. Musandiuze kuti ndidekhe, ndadekha mokwanira.

Dzulo Ababa anamanga okha kabichi panjinga, anakana kuti ndiwathandize, n'kupita ku Milange. Mayi Fátima, amene anali komweko kukagula ufa wa mandasi, akuti anawaona akuima pasitolo ya amalume. Anasankha mutu waukulu kuposa yonse, anauika patebulo logulitsira, n'kunena kuti, "Alamu, funani mtsikana wina. Wanga ali ndi ntchito." Atabwera kunyumba sanandiuze kanthu. Anangofunsa ngati ndathirira.

Tsono pempho langa ndi ili, achimwene. Munditumizireko waya wokwana mbali yakumtsinje ija, wamaso ang'onoang'ono, wolimba. Kuno m'mamawa kukuzizirabe, ndipo munthu wamkulu ngati uja sayenera kumayenda m'mame ndi kachigubu m'jekete chifukwa cha mwana wake wamkazi. Mukaimba foni musatchule chilichonse mwa izi. Mukaseka, mukasekere konko.

Amayi akupereka moni kwa inu ndi alamu, akuti adzukulu awo abwere pa Khirisimasi. Mayi Fátima akuti muwagulire chitenje chifukwa ntchito anaigwira. Ndisanatseke ndinapita pansi pa mango paja kukafunsa Ababa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Anayamba amaliza kusenda nzimbe yawo. Kenaka anati, "Umuuze kuti mlongo wake akulima."

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Nelsa