Nsalu ya Bambo a Ikram

Lolemba, 24 Malichi

Diresi langa la Idi latsala manja ndi mpendero basi. Lobiriwira, matumba awiri obisika m'mbali. Telala uti angandiikire matumba? Likanatha kale, koma bambo a Ikram amalengeza kudoko kuti kwathu kuli makina. Lero kwabwera mabuluku atatu a asodzi anzawo, onunkha usipa, ong'ambika pokhalira. Ine ndimasoka kuti mtima ukhale pansi ndikaweruka kusukulu, si kuti ndinatsegula shopu ayi.

Lachiwiri, 25

Sizasi yanga ndaipeza kuseri, ili mamba okhaokha. Bambo akuti amadulira zipsepse za chambo. Sizasi ya nsalu! Ndili pa swaumu, ndikusala kudya, ndangomeza mawu.

Lachitatu, 26

Latha! Ndaliyesa pagalasi, ndazungulira, ndaseka ndekha ngati wamisala. Landikhala, wallahi. Ndalisita n'kulipachika kuseri kwa chitseko.

Bambo abwera ndi nsalu yabuluu, yofewa bwino, akuti ndiwasokere mkanjo wa Idi. Ndawayeza. Mimba yakula, koma akukana.

Lachinayi, 27



Ndabwera kusukulu, pamsomali palibe kanthu. Kunabwera apongozi ndi mlamu wanga Ummy kuchokera ku Dwambazi. Ummy analiona, analiyesa, apongozi n'kuti, "Ee, ngati anayezera iyeyu." Basi, bambo a Ikram n'kulipinda okha, kuliika m'jumbo.

Ndawafunsa bwinobwino. Akuti, "Amayi akayamikira chinthu, ine ndinene kuti ayi? Inu mumadziwa kusoka, musoka lina. M'banja mulibe changa, mayi a Ikram."

Ndisoka lina ndi chiyani, masamba a mpunga? Nsalu yobiriwira ija ndinaisunga m'sutikesi kuyambira Idi yatha, ngakhale njenjete sindinaipatse mpata. Futari yomasulira swaumu madzulo sindinadye, madzi okha.

Lachisanu, 28

Ndaimbira Ummy, mwina manyazi amugwira. Iye ali, "Alamu, zikomotu! Kungoti m'chiuno mwakula, ndapereka kwa telala achepetse. Matumbawo akuti achotsa, akutukumula."

Matumba anga!

Ndalira m'bafa. Ndakwiya, ndipo sindibisa. Chondiwawa si nsalu yokha. Pa nyumba ino palibe amene amaona kuti chimene ndasoka ndi manja angawa chili ndi mwini wake.

Loweruka, 29

Anzanga a Dailesi akuti ndibwereke lawo la ku tchalitchi. Mtima wabwino, koma ayi. Chiyambire kusoka sindinapiteko ku Idi ndi cha munthu wina.

Bambo potuluka: "Mkanjo uja mwayamba? Masiku atha." Ndati lero.

Ndayala nsalu yabuluu pamkeka. Ndatenga choko ndi tepi. Ndakhala, ndaiyang'ana. Kenako tepi ija ndaizunguliza m'chiuno mwanga.

Sizasi ndinanoletsa dzulo, ikudula ngati ikuyenda pamadzi.

Lamulungu, 30

Makina tsiku lonse, msana ukuwawa. Bambo akumva phokoso ali pakhonde, akuuza anzawo a Bakari kuti, "Mukumva? Ndi wangatu umenewo." Ndaponda mwamphamvu. Matumba ndaika atatu.

Mwezi waoneka. Idi ndi mawa.

Lolemba, 31

M'mawa bambo asamba, adzola mafuta onunkhira, aima pabalaza ndi vesiti ndi kofia. "Mayi a Ikram, mkanjo!"

Ndatuluka kuchipinda nditavala diresi labuluu, mpango woyera kumutu, manja m'matumba.

Ayang'ana kumapazi, akwera mpaka kukhosi. Kukamwa yasa.

"Imeneyo si nsalu yanga?"

"M'banja mulibe changa, bambo a Ikram."

Kunja anthu akudutsa kale kupita kumapemphero, akuimba takbira. Bambo aima, akanda m'mutu, alowa kuchipinda. Ndamva sutikesi ikutseguka. Atuluka ndi mkanjo wa chaka chatha, wothina pamimba, msoko utamasuka kukhwapa. Aunyamula m'manja ngati mwana wodwala.

"Mungandigwirireko apa? Chonde."

Chonde! Pa makina amenewa ndinali ndisanamumvepo.

Ndawapatsa singano ndi ulusi. Ndikulemba izi ali pampando, akulimbana ndi diso la singano.