Thobwa la Chinkhoswe Lasanduka

Anti Fiona,

Musakuwe, werengani kaye. Lachiwiri lija pansi patazizira, ndinapita kuseri kukaona chimashini chotenthetsa nyumba. Ndinachipeza chagwira ayezi, kwinaku chikufuka nthunzi. Ndinachimenya ndi tsache, osasintha. Ndiye ndinapotokola kowonjezera kutentha ka pakhoma kaja mpaka kumapeto. Ine ndikanadziwa bwanji kuti mapaipi otenthetsa a pansi pa matailosiwa amachedwa kumva? Pansi patentha masiku atatu osapuma, ndowa za thobwa la chinkhoswe cha Rabecca zili pomwepo kukhitchini.

Anti, thobwa lija likuwira lokha. Ankolo Morton analawa kapu imodzi kuti atsimikize, kenako makapu ena anayi. Panopa agona chagada pamatailosi, akuimba yamaliro.

Mashini ndazimitsa. Ndowa zandikanika kunyamula, muzikweze patebulo. Wokonza abwera faifi koloko, za tsache musamuuze.

Ine ndathawira kwa mnzanga Etta ku Barking. Iyeyo akuti akuchimuna onse amamwa mobisa, ngakhale apongozi opemphera mokweza aja, ndiye mwina mawa atiyamika. Koma abusa muwapatse tiyi.

Pepani zedi, ndine wanu yemwe uja,
Mwayiwathu